Kusula Aphunzitsi a Chingerezi ndi Mwana wa ku Makhanga

Mwana wa zaka 6 akamaloŵa m'kalasi kwa nthaŵi yoyamba pa Makhanga, m'dera la Mfumu Mlolo m'boma la Nsanje, amakhala atadziŵa kale chiyankhulo chimodzi mokwanira. Ana ambiri a m'derali amayankhula Chisena kunyumba, ndipo ena amayankhula Chimang'anja. Buku loyamba limene mwanayo amapatsidwa ndi la Chicheŵa. Sabata yomweyo amayambanso phunziro la Chingerezi, ndipo akafika Sitandade 8 amalemba mayeso ake onse m'Chingerezi, kupatula mayeso a Chicheŵa. M'sukulu zosula aphunzitsi Chingerezi chimatchedwa chiyankhulo chachiŵiri, koma kwa mwana wa Chisena ndi chachitatu.

Munthu amene amasenza udindo woolotsa mwanayo pa ziyankhulo zonsezi ndi mphunzitsi wa kupulayimale. Mbiri ya kasulidwe ka mphunzitsi ameneyu ikuonetsa kuti malamulo a chiyankhulo chophunzitsira akhala akusinthasintha mofulumira, pamene ntchito yokonzekeretsa mphunzitsi yakhala ikutsalira m'mbuyo. Ikuonetsanso kuti chiyankhulo chimene mwana wa m'Chigwa cha Shire amabwera nacho kusukulu sichidaŵerengeredwe mokwanira pa nthaŵi ina iliyonse.

Amishoni, njanji ndi mtengo wa Chingerezi

Dera la Makhanga lili pafupi ndi Chiromo, pamene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire. Malo ameneŵa adaona azungu oyamba msanga. Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA, amene adakhazikitsa mishoni ku Magomero mu 1861, adamwalirira pafupi ndi mathiriro a Ruo mu Januwale 1862, ndipo anzake otsala adasamukira kwa Chibisa, pafupi ndi Chikwawa. Pa nthaŵi imeneyo ophunzira chiyankhulo chachilendo adali azunguwo, pakuti ndiwo ankavutika kulemba ndi kuloŵeza mawu a Chimang'anja. Ntchito yotereyi idapitirira ku mishoni ya Blantyre, kumene David Clement Scott adatulutsa buku lalikulu lotanthauzira mawu a Chimang'anja mu 1892.

Zinthu zidatembenuka pamene boma la Angerezi lidakhazikika mu 1891. Chiromo idasanduka doko la sitima za pamadzi, ndipo mu 1908 njanji yochokera ku Port Herald, dzina lakale la Nsanje, idafika ku Blantyre podzera pa Chiromo. Pa doko, pa siteshoni ndi pa boma pankafunika akalaliki, omasulira ndi akapitawo odziŵa kuŵerenga kalata ya mzungu. Makolo adazindikira msanga kuti Chingerezi chili ndi mtengo wake, chifukwa mnyamata wochidziŵa ankagwira cholembera pamene anzake ankasenza katundu.

Komabe malo osulirako anthu otha kuphunzitsa Chingerezi adali kutali ndi chigwachi. Sukulu ya Overtoun ya mishoni ya Livingstonia idatsegulidwa ku Khondowe mu 1894, ndipo ya Henry Henderson idatsegulidwa ku Blantyre mu 1909. M'midzi ya kumunsi kwa Shire, kumene a South Africa General Mission adamanga mishoni zawo ku Lulwe ndi ku Chididi, ndiponso kumene ansembe a Montfort adafika pambuyo pake, ana ambiri ankaphunzira m'sukulu zazing'ono za m'midzi. Wophunzitsa ankakhala monitala, munthu amene iye mwini adangophunzira zaka zoŵerengeka. Ntchito yake yaikulu idali yophunzitsa kuŵerenga m'chiyankhulo cha kuno, masamu oyamba ndi katekisimu. Wofuna Chingerezi ankayenera kupita ku sukulu ya pamishoni, ndipo ana ochepa okha ndiwo ankakwanitsa kutero.

Magulu aŵiri a aphunzitsi

Mu 1924 gulu la akatswiri la Phelps-Stokes lidayendera sukulu za mu Nyasaland. Mwa zina, gululi lidalimbikitsa kuti mwana ayambe maphunziro ake m'chiyankhulo cha kwawo, Chingerezi chidzabwere m'makalasi a patsogolo. Lidadzudzulanso boma chifukwa chosiyira amishoni okha ntchito ya maphunziro. Potsatira zimenezi boma lidakhazikitsa Dipatimenti ya Maphunziro mu 1926, ndipo mu 1929 sukulu ya Jeanes idatsegulidwa ku Domasi. Kumeneko aphunzitsi ankapita ndi akazi awo, ndipo akamaliza ankabwerera kukayendera sukulu za m'midzi ndi kulangiza anzawo amene sadapiteko ku maphunziro a uphunzitsi.

M'zaka zimenezo aphunzitsi ankagaŵidwa molingana ndi chiyankhulo. Padali gulu la Vernacular Grade, lophunzitsa m'ziyankhulo za kuno, ndi gulu la English Grade, lophunzitsa makalasi apamwamba. Kagaŵidwe kameneka kadasiya maganizo amene sadathe mpaka lero, akuti mphunzitsi wodziŵa kwambiri apatsidwe kalasi lapamwamba, ndipo makalasi oyamba apatsidwe aliyense wotsala. Chonsecho m'mera mpoyamba: mwana amene adalephera kugwira malembo mu Sitandade 1 ndi 2 savuta kumzindikira akafika Sitandade 5.

Mawu oti chiyankhulo cha kwawo nawonso adali ndi malire. Boma la atsamunda lidakondera Chinyanja, ndipo Chitumbuka chidaloledwa m'chigawo cha kumpoto. Mabuku a sukulu a m'Chisena sadakhale mbali ya dongosololi. Choncho kuyambira kale mwana wa Chisena ankayamba sukulu m'chiyankhulo choyandikana ndi chake, koma osati chake.

Kuyambira 1964 mpaka 1994

Dziko la Malaŵi litalandira ufulu mu 1964, Chingerezi chidakhalabe chiyankhulo cha boma, cha makhoti ndi cha Nyumba ya Malamulo. Msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress wa mu 1968 udagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chicheŵa, chikhale chiyankhulo cha fuko, ndipo kuti Chicheŵa ndi Chingerezi zikhale ziyankhulo za boma. Bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsidwa mu 1972 kuti liziyang'anira kalembedwe ndi kagwiritsidwe ntchito ka Chicheŵa. M'sukulu dongosolo lidakhazikika lakuti makalasi oyamba aziphunzitsidwa m'Chicheŵa, Chingerezi chikhale phunziro kuyambira Sitandade 1, ndipo kuyambira Sitandade 5 chikhale chiyankhulo chophunzitsira.

Ophunzira uphunzitsi wa kupulayimale ankakhala ku koleji zaka 2. Wokhala ndi satifiketi ya JCE ankatuluka ngati T3, ndipo wa MSCE ankatuluka ngati T2. Aphunzitsi a kusekondale ankasulidwa ku Soche Hill College, imene idasamukira ku Zomba mu 1973 n'kukhala mbali ya Chancellor College. Ku koleji ya kupulayimale kudalibe mphunzitsi wa Chingerezi payekha. Munthu mmodzi yemweyo ankaphunzira kaphunzitsidwe ka masamu, Chicheŵa, ulimi, nyimbo ndi Chingerezi, popeza kusukulu ankakapatsidwa kalasi lonse.

Njira yophunzitsira imene idafala idali yoyamba ndi kumva ndi kuyankhula, kuŵerenga ndi kulemba kukubwera pambuyo. Mphunzitsi ankanyamula chinthu kapena kuchita kanthu, n'kunena chiganizo, ana onse n'kubwereza pamodzi kangapo. Amene adaphunzira m'zaka zimenezo amakumbukira Timve ndi Tsala, ana aŵiri a m'mabuku a Chingerezi a nthaŵiyo. Njirayi idali ndi ubwino wake. Inkatheka m'kalasi la ana ochuluka, ndipo mphunzitsi wosadzidalira pa Chingerezi ankangotsata buku la mphunzitsi mzere ndi mzere. Kuipa kwake kudali kwakuti kalasi lonse linkatha kufuula chiganizo molondola popanda mwana ndi mmodzi yemwe wodziŵa tanthauzo lake.

Pa nthaŵi yomweyo dziko lidaona chitsanzo cha mtundu wina. Mu 1981 Dr. H. Kamuzu Banda adatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, m'boma la Kasungu. Aphunzitsi ake adachokera kunja, ndipo ana ankaphunzira m'Chingerezi, kuphatikizapo Chilatini ndi Chigiriki. Sukuluyi idalimbitsa chikhulupiriro chakuti Chingerezi chabwino chimadza mwana akatalikirana ndi chiyankhulo cha kwawo. Koma zimene zinkatheka kwa ana osankhidwa ochepa, okhala ndi mabuku ambiri ndi aphunzitsi obadwira m'Chingerezi, sizikadatheka pa sukulu ya m'mbali mwa Ruo.

Umboni wochokera ku Malaŵi ndi Zambia

M'zaka za m'ma 1990 katswiri wina wa ku Britain, Eddie Williams, adayesa kaŵerengedwe ka ana a m'sukulu za kupulayimale m'Malaŵi ndi mu Zambia. Maiko aŵiriŵa ankatsata njira zosiyana. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 Zambia inkaphunzitsa ana m'Chingerezi kuyambira kalasi loyamba, pamene Malaŵi inkayamba ndi Chicheŵa. Zotsatira zake, zimene zidasindikizidwa mu 1998, zidaonetsa kuti pofika chaka chachisanu panalibe kusiyana kwenikweni pa kaŵerengedwe ka Chingerezi pakati pa ana a maiko aŵiriŵa. Koma ana a ku Malaŵi ankaŵerenga Chicheŵa bwino kwambiri kuposa m'mene ana a ku Zambia ankaŵerengera Chinyanja. M'maiko onse aŵiri ana ambiri adalibe Chingerezi chokwanira kuphunzirira maphunziro ena.

Phunziro la kafukufukuyu ndi lomveka. Kuyamba msanga kuphunzitsa m'Chingerezi sikupatsa mwana Chingerezi. Chimene chimathandiza ndi mphunzitsi wochidziŵa chiyankhulocho, wodziŵanso kuchiphunzitsa, pamodzi ndi mabuku oti mwana aŵerenge yekha.

Maphunziro aulere ndi aphunzitsi osasulidwa

Kusoŵa kwa aphunzitsi kudayamba kale, ndipo pakati pa 1990 ndi 1993 boma lidayesa dongosolo la MASTEP, losula aphunzitsi ali pantchito. Koma vuto lalikulu lidadza mu 1994, pamene boma la Bakili Muluzi lidachotsa fizi kupulayimale. Chiŵerengero cha ana chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Boma lidalemba ntchito anthu pafupifupi 20,000 amene sadapite ku koleji, ambiri a iwo a satifiketi ya JCE. Adaŵaphunzitsa kwa masabata ochepa chabe n'kuŵatumiza m'makalasi.

Pofuna kusula anthu ameneŵa, mu 1997 padayambika dongosolo la MIITEP. Wophunzira ankakhala ku koleji miyezi 3, n'kubwerera kukaphunzitsa kwa miyezi 20 akuŵerenga mabuku ake payekha, kenaka n'kupitanso ku koleji kwa mwezi umodzi kukakonzekera ndi kulemba mayeso. Makoleji adali 6: Blantyre, Lilongwe, Kasungu, Karonga, Montfort ku Nguludi ndi St Joseph's ku Bembeke. Palibe ndi imodzi yomwe imene idali m'Chigwa cha Shire. Ofufuza monga Demis Kunje, Keith Lewin ndi Janet Stuart adapeza kuti ophunzira ambiri a MIITEP adali ofooka pa Chingerezi, chonsecho mabuku awo adali m'Chingerezi. M'miyezi 3 koleji inkatha kumuonetsa munthu kakonzedwe ka phunziro, koma siinkatha kumupatsa chiyankhulo chimene sukulu ya sekondale idalephera kumupatsa.

Dongosololi lidadalira kuti mphunzitsi wamkulu ndi mlangizi wa maphunziro wa m'dera aziyendera wophunzirayo m'kalasi. Madera akutali ndiwo adavutika koposa. Mu 1997 madzi osefukira adakokolola njira ya pa Chiromo, yolumikiza Makhanga ndi Bangula, ndipo kwa zaka zingapo sitima yochokera ku Limbe inkathera pa Makhanga pomwepo. Derali lidapatukana ndi likulu la boma la Nsanje, limene lili kutsidya kwa Shire, m'chaka chomwecho chimene aphunzitsi atsopano ankasoŵa kuyenderedwa kaŵirikaŵiri.

Kalata ya 1996 ndi lamulo la 2013

Mu Malichi 1996 Unduna wa Zamaphunziro udatulutsa kalata yolamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'chiyankhulo cha kwawo. Pa pepala, iyi idali nthaŵi yoyamba imene Chisena chidapatsidwa malo m'kalasi. Koma kalatayo idatuluka mabuku a m'ziyankhulozo asadalembedwe, ndipo makoleji sadasinthe maphunziro awo. Makolo ena adaopa kuti Chingerezi cha ana awo chiloŵa pansi, ena adaopa kuti aphunzitsi azitumizidwa motsata mtundu wawo. Lamulolo silidagwire ntchito mokwanira. Chaka chomwecho Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malaŵi idatenga malo a Chichewa Board, ndipo idapatsidwa udindo wosamala ziyankhulo zonse za m'dziko muno.

Pakati pa zaka za m'ma 2000 MIITEP idaloŵedwa m'malo ndi dongosolo la IPTE, la chaka chimodzi ku koleji ndi chaka chimodzi cha kuphunzitsa pasukulu, ndipo oloŵa ankayenera kukhala ndi MSCE. Kenaka lamulo la maphunziro la 2013 lidanena kuti chiyankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi. Mu 2014 nduna ya zamaphunziro, Lucius Kanyumba, idalengeza kuti zimenezi ziyambira Sitandade 1. Monga mu 1996, chilengezo chidatsogola, kusula aphunzitsi n'kutsalira. Aphunzitsi ambiri a makalasi oyamba adapitiriza kufotokozera ana m'chiyankhulo chimene anawo ankamva, popeza sikutheka kuphunzitsa kuchotsera kapena ukhondo kwa mwana amene sakumva liwu ndi limodzi lomwe.

Mu 2016 boma lidayambitsa National Reading Programme, ndondomeko yophunzitsa ana a Sitandade 1 mpaka 4 kuŵerenga m'Chicheŵa ndi m'Chingerezi. Aphunzitsi a m'dziko lonse adaitanidwa ku maphunziro a patchuthi, ndipo adapatsidwa mabuku olongosola phunziro lililonse mwatsatanetsatane. Ndondomekoyi idazindikira chinthu chofunika, chakuti mwana wodziŵa kuphatikiza malembo m'Chicheŵa amakhala atayamba kale ulendo woŵerenga Chingerezi. Boma lidamanganso makoleji atsopano ku Rumphi, Mchinji ndi Chikwawa, kotero kuti Chigwa cha Shire chidakhala ndi koleji yakeyake ya boma yosula aphunzitsi, patapita zaka zoposa 100 chiyambire sukulu m'derali.

Pamwamba pa zonsezi mphunzitsi wa ku Makhanga amalimbana ndi madzi. Kusefukira kwa mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 zidaononga nyumba, misewu ndi mabuku, ndipo sukulu zambiri za m'chigwachi zidasanduka misasa ya anthu othaŵa madzi. Chiyankhulo chachilendo chimafuna kuchimva ndi kuchigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Mwana wa m'tauni amachimva pa wailesi yakanema ndi m'masitolo, koma mwana wa kumudzi amachimva kwa mphunzitsi wake basi. Sukulu ikatsekedwa mwezi wathunthu, zambiri zimene adaphunzira zimaiŵalika.

Zimene mphunzitsi ayenera kudziŵa

Mbiri imeneyi ikuloza ku zinthu zimene dongosolo lililonse losula aphunzitsi liyenera kusamala. Choyamba ndi Chingerezi cha mphunzitsi mwiniwake. Munthu sangagaŵire ena chimene alibe, ndipo njira zophunzitsira, ngakhale zikhale zamakono chotani, sizingaloŵe m'malo mwa chiyankhulo chenichenicho.

Chachiŵiri ndi kudziŵa pamene ziyankhulo zimasiyana, kuti mphunzitsi azindikire gwero la zolakwa za ana. Chicheŵa chili ndi malembo a liwu 5, ndipo lembo lililonse limamveka mofanana paliponse. Chingerezi chimalemba malembo 5 omwewo, koma chili ndi maliwu pafupifupi 20, ndipo n'chifukwa chake mwana samva kusiyana kwa ship ndi sheep, kapena kwa hat, hut ndi heart. M'Chicheŵa l ndi r sasintha tanthauzo la mawu, ndipo lamulo la kalembedwe limangoti r azitsata e kapena i, monga m'mawu oti kulera ndi kulira. M'Chingerezi play ndi pray ndi mawu aŵiri osiyana. Maphatikizo a Chicheŵa amathera ndi lembo la liwu, n'chifukwa chake book adasanduka buku ndipo school adasanduka sukulu, ndipo mwana amachita chimodzimodzi ndi mawu ena onse. Mloŵam'malo woti iye amaimira mwamuna ndi mkazi yemwe, pamene Chingerezi chimasiyanitsa he ndi she. Munthu akafunsidwa kuti, “Sunadye?” amayankha kuti, “Inde,” kutanthauza kuti sanadye, pamene Mngerezi amayankha kuti no. Mphunzitsi wodziŵa zimenezi samuyesa mwana mbuli, koma amakonza phunziro lolimbana ndi vutolo.

Chachitatu ndi chiyankhulo cha kunyumba kwa mwana. Chisena ndi Chicheŵa ndi ziyankhulo zapachibale, koma si chimodzi. Pamene Mcheŵa amati zinthu, Msena amati pinthu. Kunena ndi kulonga, iyayi ndi nkhabe, ndipo zikomo ndi takhuta. Mphunzitsi wochokera ku Dedza kapena ku Mzimba akamasulira mawu a Chingerezi m'Chicheŵa, amaganiza kuti wamfikitsa mwana kwawo, chonsecho wangomfikitsa pakhomo la mnansi. Chicheŵa ndicho chiyankhulo chokha cha m'dziko muno chimene chakhala chikuphunzitsidwa ngati phunziro m'makoleji a aphunzitsi, kotero wotumizidwa ku Makhanga amaphunzira Chisena kwa ana ake omwe, ngati ali ndi mtima wofuna kutero.

Apa mpamene ntchito ya alembi, akonzi a mabuku ndi osamala chiyankhulo ikuonekera. Pakufunika kuti mawu ofotokozera nkhaniyi akhazikike, kuti aliyense azisiyanitsa chiyankhulo cha kunyumba, chiyankhulo chachiŵiri ndi chiyankhulo chachilendo, ndiponso kuti asamasokoneze chiyankhulo chophunzitsira ndi chiyankhulo chophunziridwa ngati phunziro. Mikangano ya mu 1996 ndi ya mu 2014 idakula chifukwa anthu ambiri adamva ngati kuphunzitsa m'chiyankhulo cha kwawo ndiko kuchotsa Chingerezi m'sukulu, kapena ngati kuphunzitsa m'Chingerezi ndiko kuphunzitsa Chingerezi. Pakufunikanso timabuku tating'ono toika mawu a Chisena, Chicheŵa ndi Chingerezi pamodzi, toti mphunzitsi wa Sitandade 1 akhale nato m'thumba, ndi nthano zazifupi zonena za mtsinje, bwato, mapira ndi thonje, zinthu zimene mwana wa m'chigwa amazidziŵa.

Nkhaniyi si yaing'ono. Popanda kukhoza Chingerezi wophunzira salandira satifiketi ya MSCE, ndipo malamulo aakulu a dziko a mu 1994 amafuna kuti woimira anthu ku Nyumba ya Malamulo azitha kuyankhula ndi kuŵerenga Chingerezi. Tsogolo la mwana wa ku Makhanga pa ntchito, pa maphunziro apamwamba ngakhale pa utsogoleri wa dera lake limadalira zimene mphunzitsi wake wa makalasi oyamba adaphunzira ku koleji. Koleji ya ku Chikwawa ili pakati pa anthu oyankhula Chisena ndi Chimang'anja, ndipo ophunzira ake ali ndi mwayi wokayesera kuphunzitsa m'sukulu za m'chigwa momwemo. Ngati pali malo oyenera kuyambira kusula mphunzitsi wa Chingerezi wodziŵa kuti ana ake akuchiphunzira ngati chiyankhulo chachitatu, malowo ndi amenewo.